Bini yathu aikana kunyamula, akuti tilipire tonse

Nachisale: Moni nonse pa gulu. Pepani kukudzutsani usiku uno, ndangoweruka kumene. Ndapeza kalata pansi pa chitseko yochokera kwa ajenti amene amayang'anira nyumba yathu. Akuti bini yaikulu ya recycling (ya zinthu zokazipanganso kukhala zatsopano) anthu onyamula zinyalala aisiya kawiri konse chifukwa muli zinthu zosayenera, ndiye aitanitsa galimoto ina kudzaikhuthula, ndalama yake aigawa kwa tonse a m'mafulati 24. Ine muno ndangotha miyezi isanu. Kodi zimenezi zimaloledwa? Nanga zosayenerazo ndi ziti, poti ine ndimangoponyamo mabotolo, zitini ndi mapepala basi?

Amake Tadala (Leeds): Takulandirani ku Mangalande achemwali 😂 kuno ngakhale zinyalala zili ndi sukulu yake.

Bambo a Chisomo (Manchester): Musathamangire kulipira mayi. Yambani mwaona pangano lanu la renti. Kawirikawiri service charge, ndalama yosamalira nyumba yonse ya mafulati, imagwera mwini fulati, osati wobwereka, ndipo lamulo la Tenant Fees Act la 2019 linaletsa ndalama zambiri zapambali zimene malandilodi ankakonda kulipiritsa anthu kuno ku England. Tengani kalatayo limodzi ndi panganolo mupite nazo ku Citizens Advice kapena muimbire a Shelter, mabungwe opereka uphungu, salipiritsa. Koma nkhani ya biniyo ikonzedwebe, apo ayi idzakupezani pa renti ya chaka chamawa.

Ankolo Mbewe (London): Mwana wanga, ndikufunseko kaye. Mabotolo ndi zitinizo umaziponya bwanji? Umangozikhuthulira momwemo kapena umazimanga m'thumba?

Nachisale: Ndimazimanga bwinobwino ankolo, m'thumba lakuda lija, ndikumanga mfundo ziwiri kuti zisamwazike. Sindimafuna uve ine.

Ankolo Mbewe (London): Basi, wakuba tamupeza.

Amake Tadala (Leeds): Kkkkk mayo ine

Nachisale: Iiii ankolo, ine ndalakwanso chiyani?

Ankolo Mbewe (London): Usadandaule, ukhondo wakowo ndi umene wakupachika, ndipo tonse tinadutsa momwemo. Ine nditangofika kuno ndinagwirako ganyu miyezi ingapo kumalo kumene amasankhulako zinyalala za recycling. Ndikufotokozere mmene zimakhalira. Galimoto imakhuthula zonse pansi, katapila n'kuzikweza pa lamba. Lambayo amathamanga, ndipo inu mwaima m'mbali mwake mutavala magolovesi awiri, maso ali pa lamba, ntchito yanu ndi kuchotsa chilichonse chosayenera chisanalowe m'makina. Thumba lakuda lomanga palibe amene ali ndi nthawi yolimasula, komanso palibe amafuna kupisamo dzanja poti simudziwa ngati muli singano, galasi losweka kapena thewera la mwana. Timangolikoka n'kuliponya ku mulu wa zokawotcha. Kaya munali zitini zotsuka bwino ngati za pa ukwati, zapita. Ndiye anyamata onyamula aja akatsegula chivundikiro n'kuona matumba akuda pamwamba, amangomata chipepala n'kumapita, chifukwa galimoto yonse ikhoza kubwezedwa pa geti. Za recycling uzikhuthula zili zomasuka, pokhapokha ngati khonsolo yako imapereka matumba akeake oonekera mkati.

Nachisale: Ndiye kuti miyezi isanu yonseyi ndakhala ndikutsuka zitini za nyemba pachabe?

Ankolo Mbewe (London): Mulungu waona khama lako, koma makina sanaone.

Achimwene Jere: Ine ndinene zoona, anthu mukudzivutitsa. Zonsezi ndi sewero. Mumasankha, mumatsuka, mumayanika, mapeto ake zonse zimakakumana ku moto umodzi. Zina amazikweza m'sitima kukataya kumayiko osauka. Ine bini ndi bini.

Naphiri (nesi): Achimwene Jere, ndiye inu ndi amene mukulipiritsa anzanu m'mafulatimu.

Ankolo Mbewe (London): A Jere sakunama zonse ayi. Pafupifupi theka la zinyalala zimene makhonsolo a ku England amatolera zimawotchedwa m'mafakitale opanga magetsi, ndipo recycling ya m'makomo yakhala ikuzungulira pa 44 pa 100 alionse kwa zaka zoposa khumi osasuntha. Ku Wales anatipitirira kalekale, ali kupitirira 65 pa 100. Mapulasitiki ena amatumizidwadi kunja, Turkey ndi imodzi mwa mayiko amene amalandira ambiri. Koma kunena kuti zonse ndi moto umodzi ndiye bodza. Ine ndaona ndi maso anga maginito akukoka zitini zachitsulo pa lamba, kutsogolo makina ena akudumphitsa zitini za aluminiyamu ngati ziwala, kenako zonse n'kuzipanikiza m'mabelo akuluakulu. Mabelo amenewo amagulitsidwa, ndi ndalama. Chitini cha aluminiyamu ndi botolo lagalasi mukhoza kuzisungunula kambirimbiri osatha mphamvu. Zimene zimakathera ku moto ndi zimene anthu ngati a Jere azithira supu.

Achimwene Jere: Ankolo mwandiyamba dala 😂

Bambo a Chisomo (Manchester): Komanso a Jere, musaganize kuti khonsolo ikuchita zimenezi chifukwa chokonda mitengo basi. Kukwirira zinyalala pansi kuno kuli ndi msonkho, mu Epulo 2025 unali £126.15 pa tani imodzi. Ndalamazo zimachoka mu council tax, msonkho wa ku khonsolo uja, yomwe inu ndi ine timalira nayo mwezi ndi mwezi.

Mnyamata wa ku Zomba: Funso langa ndi la mitundu. Bini ya recycling ndi yobiriwira eti? Ndikusamuka ku Leeds kupita ku Manchester mwezi wamawa.

Amake Tadala (Leeds): Kuno inde, yobiriwira ndi ya recycling, yakuda ndi ya zotsala zonse, yabulawuni ndi ya udzu ndi masamba. Mabotolo agalasi kale tinkachita kuwanyamula kupita nawo ku mabini a pa shopu, angoyamba kuwalola mu yobiriwira mu Ogasiti 2024.

Bambo a Chisomo (Manchester): Mphwanga, ukabwera kuno n'kuponya mabotolo mu yobiriwira wapalamula. Kuno yobiriwira ndi ya zakudya ndi za m'dimba. Yabuluu ndi ya mapepala ndi makatoni, yabulawuni ndi ya mabotolo ndi zitini, yotuwa ndi ya zotsala. Ulendo wa ola limodzi pa sitima koma mitundu yatembenuka yonse. Osadalira mtundu. Lowa pa webusaiti ya khonsolo ya kumene ukupitako, ulembe postcode, zonse zituluka. Komanso m'mafulati ambiri mabini ake ndi zimphona zija za malita 1,100, umangowerenga chimene chalembedwa pa chivundikiro.

Mnyamata wa ku Zomba: Dziko limodzi malamulo handiredi.

Naphiri (nesi): N'chifukwa chake boma linabweretsa zimene akuzitcha Simpler Recycling. Malo antchito okhala ndi antchito khumi kapena kuposerapo anayamba pa 31 Malichi 2025. Makomo tsiku lake ndi 31 Malichi 2026, ndipo mafulati ali momwemo. Khonsolo iliyonse ku England iyenera kutolera zinthu zofanana: mapepala ndi makatoni, pulasitiki, zitsulo, galasi, ndi zakudya zotsala sabata iliyonse. Majumbo ndi mapulasitiki ofewa aja akuti adzalowa pa 31 Malichi 2027. Makhonsolo ena anapatsidwa nthawi yowonjezera pa nkhani ya zakudya chifukwa cha makontirakiti akale amene anasaina, ndiye musadabwe mnzanu atalandira kabini inu musanalandire. Mitundu ya mabini sanaikhudze. A ku Scotland ndi ku Wales ali ndi malamulo awoawo, izi ndi za England.

Nachisale: Apo pa majumbo imani kaye. Ndiye kuti jumbo si pulasitiki? Ine ndimaponya momwemo, mapepala a buledi, a mpunga, a sipinachi, zonse.

Ankolo Mbewe (London): Ndi pulasitiki, koma ndi mdani wa makina. Muli zitsulo zozungulira zimene zimapeta makatoni, ndiye jumbo imakulungika pamenepo ngati ulusi pa sipoko ya njinga. Tinkazimitsa makina onse, munthu n'kukwera ndi mpeni kukadula. Makhonsolo ambiri sanayambe kuzilandira pakhomo. Uzisonkhanitsa m'jumbo imodzi, popita kukagula zinthu uzikasiya mu khola lija limakhala pakhomo pa Tesco, Sainsbury's kapena Co-op zikuluzikulu. Kayesedwe kake: ukaifinya m'manja n'kubwerera, ndi ya ku shopu.

Gogo Nasibeko: Ana inu mukundiseketsa. Ine ndabwera kudzalera mdzukulu, ndatha miyezi itatu, koma chimene chimandipweteka mtima si majumbo. Ndi mkute. Kwathu ku Dedza nsima yotsala sinkatchedwa chinyalala. Mmawa ana aotcha adya ndi tiyi, yotsalayo nkhuku, makoko a mbatata nkhumba, zina zonse kudzala, chaka chikatha mwapeza manyowa a kudimba. Kuno mwana wanga wandipatsa kabini kokhala ndi chogwirira ngati kachikwama, ati amayi muziika umu. Ndimaika, koma ndimachita ngati ndikukwirira munthu.

Amake Tadala (Leeds): Agogo mwandikumbutsa kutali 😭

Naphiri (nesi): Agogo, mtima ukhale pansi, kabiniko ndi dzala lomwe lija koma lachizungu. Zakudyazo m'madera ambiri amakazithira m'matanki akuluakulu otsekedwa osalowa mpweya, zimawola mmenemo n'kutulutsa gasi amene amapangira magetsi kapena kulowetsa m'mapaipi a gasi, ndipo zotsalira zake alimi amathira m'minda. Kwina amapanga kompositi. Choipa ndi pamene zakwiriridwa pamodzi ndi zinyalala zina, chifukwa gasi yemweyo, methane, amangothawira kumwamba n'kumatenthetsa dziko. Ndipo anthu kuno amataya chakudya, agogo. M'makomo mokha ndi matani pafupifupi 6 miliyoni pa chaka.

Gogo Nasibeko: Matani 6 miliyoni! Anthu akugona ndi njala ku Nsanje. Chabwino, nanga mafupa a nkhuku ndi minga ya chambo?

Bambo a Chisomo (Manchester): Zonse momwemo agogo. Mafupa, minga, makoko a mazira, masamba a tiyi, makoko a nthochi, nsima, ndiwo zosasa, zophika ndi zosaphika. Chosaloledwa ndi chokulungira chake, komanso zamadzimadzi ngati mkaka ndi mafuta ambiri. Timatumba toyala mkati timasiyana, makhonsolo ena amapereka taulere tobiriwira towola, ena amalola jumbo wamba, ena amati nyuzipepala. Funsani kwanuko.

Achimwene Jere: Ine kabini kameneko ndinakayesa sabata imodzi m'chilimwe. Fulati yanga ndi ya chipinda chimodzi, khitchini ndi pabalaza ndi pamodzi. Ndinapita ku shifiti zitatu zausiku zotsatizana, pobwera nditatsegula chivundikiro ndinapeza mphutsi zikuchita msonkhano wa chipani. Timitu ta usipa tija. Fungo linalowa mpaka mu yunifomu. Kanapita ku khonde kameneko, pano ndimasungiramo mapegi.

Amake Tadala (Leeds): Kkkkkk a Jere inu simudzatheka

Naphiri (nesi): Vuto si kabini, vuto ndi masiku atatu. Ine ndimatsitsa tsiku lililonse popita ku ntchito, kaya muli zochepa. Pansi ndimayala nyuzipepala kapena katoni ya mazira kuti imwe madzi. Za nsomba ndi nyama ndimazikulunga n'kuziika mu chigubu cha ayisikilimu mufiriza mpaka tsiku lotsitsa. Ntchentche ikapanda kutera, mphutsi sizibwera.

Achimwene Jere: Mufiriza mwanga muli nkhwani, chambo ndi nyama ya mbuzi yochokera ku Bradford. Zinyalala zilipira renti kuti zigone mmenemo?

Amake Tadala (Leeds): Koma kunena chilungamo, ife a m'mafulati amatipondereza pa nkhaniyi. Wa nyumba yakeyake bini ndi yake, akalakwitsa amadziwa yekha. Ife bini imodzi anthu makumi angapo, ena ndi a Airbnb angobwera masiku awiri, ena sadziwa Chingerezi, ena ndi aulesi basi. Kwathu kuno chipinda cha mabini babu linapsa kalekale, umalowa ndi tochi ya foni, makoswe akuthamanga, ndiye munthu aime pamenepo n'kumawerenga chivundikiro? Amangoponya pa imene ili pafupi ndi chitseko n'kuthawa. Ine ndinachita kukankha mabini ndekha, ya zotsala ndinaiika kufupi ndi khomo, ya recycling kumapeto. Waulesi aziponya mu yolondola mosadziwa. Kuyambira pamenepo matewera mu recycling anachepa.

Ankolo Mbewe (London): Nzeru zimenezo amake Tadala. Thewera limodzi likaphulika mu galimoto yopanikiza ija, makatoni onse ozungulira atha ntchito.

Nabanda (Dublin): Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Inu a ku UK mukutsalira. Kuno kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 botolo lapulasitiki ndi chitini zili ndi dipoziti, masenti 15 zazing'ono mpaka theka la lita, masenti 25 zokulirapo. Ukamwa umakaliponya mu makina ku shopu, limatulutsa kalisiti. Ana anga amachita kulimbirana. Ndinangoseka tsiku loyamba, ndati izi si zija tinkachita pa grosale kwathu, wopanda botolo la Fanta sugula Fanta?

Bambo a Chisomo (Manchester): Kuno akuti Okutobala 2027. Azungu atulukira zimene agogo athu ankachita kale.

Mnyamata wa ku Zomba: Nanga mafuta ophikira? Ine ndikakazinga chipisi ndimathira mu sinki n'kutsegula madzi otentha.

Naphiri (nesi): Mayo! Mwana iwe.

Ankolo Mbewe (London): Madzi otenthawo amazizira akangoyenda mamita ochepa, mafuta n'kuuma m'paipi. Mufulati paipi ndi imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndiye amene amasefukiridwa ndi wa pansi, wosalakwa. Kuno ku Whitechapel mu 2017 anapeza chimwala cha mafuta osakanikirana ndi ma wipes mu ngalande ya pansi pa msewu, cholemera matani 130, kutalika mamita 250. Anthu anachigumula kwa milungu yambiri, kachidutswa kake kanakaonetsedwa ku Museum of London. Mafuta ukamaliza asiye azizire, uwathire mu botolo lomwe anabweramo, likadzaza upite nalo ku tip, kumalo a khonsolo kokasiya zinyalala, malo ambiri ali ndi thanki yake. Otsalira mu poto upukute ndi tishu.

Naphiri (nesi): Poti tafika pa zoopsa, ndilankhuleko za kuntchito kwathu, chifukwa ambiri pa gulu pano tili mu care, ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Mankhwala otsala kapena otha nthawi, kaya mapiritsi, kaya a madzi, kaya ma inhaler, sapita mu bini ndipo sathiridwa m'chimbudzi. Mumakapereka ku famase iliyonse, amalandira ulere, safunsa mafunso. Ndi omwe aja munabwera nawo mu sutikesi ochokera kumudzi, ma LA ndi ma amoxicillin a 2021, ndikukudziwani. Singano za a shuga zimalowa mu kabokosi kachikasu kolimba kaja, kakadzaza mufunse kwa GP, dokotala wanu wa m'dera, kapena ku khonsolo mmene amatolera kwanuko. Musaike singano mu botolo la Coke n'kuponya mu recycling, pali munthu ngati ankolo Mbewe amene akaligwire ndi dzanja.

Ankolo Mbewe (London): Mnzanga wina wa ku Ghana inamubaya, inadutsa magolovesi onse awiri. Miyezi itatu akudikira zotsatira za magazi, munthu anaonda ndi maganizo. Anapezeka ali bwino, koma pa lamba sanabwererenso.

Nachisale: Zomvetsa chisoni. Nanga mabatire? Ine a mu rimoti ndimangoponya mu bini ya kukhitchini.

Ankolo Mbewe (London): Apa ndiye ndikweze mawu, onse amve, ndi a Jere omwe. BATIRE SILILOWA MU BINI INA ILIYONSE. Kaya yakuda, kaya yobiriwira. Makamaka a lithium, a mufoni, mu powerbank, mu laputopu, mu mswachi wamagetsi, mu zidole za ana, mu vape. Galimoto ya zinyalala imapanikiza katundu ndi chitsulo, batire likaphwanyika limayaka lokha, ndipo lazunguliridwa ndi mapepala ouma. Dalaivala amachita kukhuthula moto pakati pa msewu kuti apulumutse galimoto. Ine ndinaonapo kautsi koyera kakutuluka pa mulu wa makatoni, tisanafike ndi chozimitsira malawi anali atafika kudenga. Bungwe la Material Focus linawerengera moto wopitirira 1,200 m'chaka chimodzi m'magalimoto ndi m'malo a zinyalala chifukwa cha mabatire. Tsono ganizirani chipinda cha mabini chimene chili pansi pa fulati yanu, ana akugona pamwamba.

Bambo a Chisomo (Manchester): Ndipo kutaya kwake n'kosavuta. Shopu iliyonse yogulitsa mabatire opitirira makilogalamu 32 pa chaka imakakamizidwa ndi lamulo kulandira akale, n'chifukwa chake mumaona kachubu kapulasitiki pafupi ndi matilu ku Aldi, Lidl ndi kwina. Timabatire tozungulira ngati ndalama tija muzitimata selotepi mbali zonse, ndipo tisakhale pofikira mwana, akameza ndi nkhani ya ambulansi. Chinthu chilichonse chojambulidwa bini yodulidwa ndi mtanda, ketulo, ayironi, chaja, babu lija lopindapinda lokhala ndi mercury, chimenecho ndi cha ku tip kapena ku shopu ya zamagetsi.

Mnyamata wa ku Zomba: Ma vape aja anzanga amangotaya paliponse.

Naphiri (nesi): Otaya ukamaliza aja analetsedwa kugulitsa kuyambira pa 1 Juni 2025. Asanaletse ankatayidwa pafupifupi 5 miliyoni pa sabata, lililonse lili ndi batire mkati. Ngakhale atsopano otchajawa akatha ndi obweza ku shopu yomwe amagulitsa. "Anzanga" amenewo uwauze, ndipo amayi ako ndili ndi nambala yawo.

Mnyamata wa ku Zomba: Anti ndi anzanga zoona 🙈

Achimwene Jere: Chabwino, za mabatire ndagonja, ndili ndi mafoni anayi akufa mu drowa, limodzi latupa ngati mandasi. Koma mukamati ku tip, ku tip, ena tilibe galimoto. Ndikwere basi ndi zitini za penti?

Ankolo Mbewe (London): Lotupalo lichotseni m'nyumba msanga a Jere, musalitchajenso, musalibaye, muliike mu chitini chachitsulo kutali ndi zoyaka mpaka mutapita nalo. Za galimoto mukunena zoona, malo ambiri anamangidwa poganizira oyendetsa, ena amafuna mubuke nthawi pa intaneti ndi kuonetsa umboni wa adiresi, ena salola n'komwe woyenda pansi. Kuno ku London kuli thandizo loyendetsedwa ndi City of London limene limabwera pakhomo kudzatenga penti ndi mankhwala oopsa m'maboma ambiri a mzindawu, umangobuka. Kwina mufunse khonsolo. Apo ayi gwirizanani anthu atatu anayi, wa galimoto mumuthirire mafuta. Penti yabwinobwino yotsala kuli a Community RePaint amene amaipereka kwa ena. Yamadzi yotsala pang'ono pansi pa chitini muthiremo utuchi kapena mchenga wa amphaka iume gwa, poti yamadzimadzi salola mu bini. Bleach, mankhwala a makoswe, mafuta a injini, timabotolo ta gasi ta pa braai, zonsezo musazisakanize, zipite mu zigubu zake zomwe zinabweramo.

Amake Tadala (Leeds): Ndi phulusa la makala! Tinachita braai ya 6 Julaye, wina anakhuthulira phulusa mu bini yapulasitiki madzulo omwewo, ati lazima. Mmawa tinapeza bini yasungunuka mbali imodzi ngati kandulo.

Bambo a Chisomo (Manchester): Mnyamata wa ku Zomba, poti ukusamuka, imva iyi. Matiresi, sofa kapena firiji yakale usaisiye pambali pa mabini poganiza kuti anyamula. Sanyamula, ndipo kumeneko amakutcha fly-tipping, chindapusa cha pompopompo chimafika £1,000. Ubuke ku khonsolo adzatenge, kwina ulere kwina umalipira pang'ono. Ndipo chenjera ndi anyamata a vani a pa Facebook otchipa aja. Mnzanga wina analipira £40 kuti amuchotsere katundu, munthu uja anakakhuthula m'kanjira ka kumunda. Mu katunduyo munali envelopu ya dzina ndi adiresi yake. Anamupeza ndi iyeyo, wa vani foni inali itazima kale. Lamulo limati mwini zinyalala aonetsetse kuti wonyamulayo ndi wolembetsedwa, ukalephera chindapusa chimafika £600. Umufunse nambala yake ya waste carrier, ya chilolezo chonyamula zinyalala, uiyang'ane pa kaundula wa Environment Agency pa intaneti, ujambule nambala ya galimoto, usunge lisiti.

Gogo Nasibeko: Nanga osangotumiza kumudzi bwanji zinthuzo? Firiji kutaya?

Ankolo Mbewe (London): Yogwira ntchito tumizani agogo, ine ndatumizapo zambiri pa kontena. Koma yakufa ayi. Kutumiza zamagetsi zakufa kumayiko ngati kwathu n'koletsedwa, komanso tiganize, ikafika ikathera kuti? Ku Mzedi kapena ku Area 38, kumene ana amaotcha mawaya kufuna kopa, utsi wonsewo m'mapapo. Kuno ili ndi kopita, gasi wa mufiriji amachita kumupopa. Tisasandutse kwathu dzala la ku Ulaya ndi manja athu omwe.

Achimwene Jere: Nkhani ya majumbo opyapyala kwathu inatenga zaka, analetsa 2015, makampani kukhoti, khoti lalikulu linagamula 2019, koma pitani mu Mudi mukaone. Ndiye muziti ine ndi wovuta.

Amake Tadala (Leeds): Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina a Jere, tingagone pano.

Admin: Ndapinira uthenga wa ankolo wa mabatire pamwamba. Amene mukufuna ulendo wa ku tip Loweruka lembani mayina ku inbox, osati pano.

Nachisale: Mwadzuka bwanji nonse. Ndatsika m'mawa uno ndi magolovesi a kuntchito. Matumba akuda ndapezamo asanu ndi awiri, atatu ndi anga, ndawadziwa ndi mfundo zanga ziwiri zija 🙈 Ndawamasula ndakhuthula. Enawo sindinawagwire, limodzi likuchucha. Munalinso ketulo, pilo ndi katoni ya pizza yokhala ndi pizza yake. Ndalemba chipepala ndamata pa chivundikiro, ndajambulapo thumba lakuda n'kulidula mtanda poti aneba ena Chingerezi n'chovuta ngati ine ndemwe. Ajenti ndawalembera imelo kuti andionetse pamene pangano langa likunena za ndalamayi, ndipo Lachinayi ndikupita ku Citizens Advice. Ketulo ndaitenga ili pakhonde, a Jere mukamapita ndi mafoni anu mundidzere.

Achimwene Jere: Ine ndilibe galimoto mayi, ndanena dzulo.

Nachisale: Nanga katoni ya pizza ija ndiitani?

Ankolo Mbewe (London): Ing'ambe pakati. Chivundikiro choyera ku makatoni, yamafutayo ku zotsala, pizza ku kabini ka agogo.

Gogo Nasibeko: Pizza yathunthu? Inali yoola kapena?